Pulani ili pakhoma mu ofesi ya a hedi, nanga mwana wa Sitandade 3 akuwerenga?

Mukalowa mu ofesi ya a hedi pa sukulu iliyonse ya pulayimale ya boma mu Blantyre muno, kaya ku Bangwe, ku Ndirande kapena kumtunda uko ku Lirangwe, yang'anani pakhoma. Pafupi ndi mndandanda wa mayina a aphunzitsi mupeza chipepala chachikulu cholembedwa ndi maka, m'makona mwake mutapindika ndi chinyezi. Imeneyo ndiyo pulani yotukula sukulu, imene aliyense amangoti SIP. Ndinakhalapo mu komiti ya sukulu kwa zaka zingapo ndipo chipepala chotero ndinachilembako ndi dzanja langa, moti ndikudziwa mmene chimabadwira ndi kumene chimapita. Chimene chinandivutitsa mutu zaka zonsezo n'chakuti pulani imatha kukwaniritsidwa yonse, mzere uliwonse kuchongedwa, koma ana n'kumatulukabe mu Sitandade 3 osatha kuwerenga chiganizo chimodzi.

Nkhani ya mapulaniyi inayambira patali. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni pa chaka chimodzi chokha. Walira mvula walira matope: makalasi anachepa, mabuku anachepa, ndipo boma linalemba anthu masauzande ambiri amene anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi kuti akaime kutsogolo kwa ana. Nthawi imeneyo chilichonse chinkachokera ku Capital Hill. Hedi wa ku Madziabango akafuna choko ankangodikira kuti kulikulu amukumbukire. Mu 1998 kunabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono, ndipo pang'ono ndi pang'ono sukulu za pulayimale zinaperekedwa m'manja mwa makhonsolo. Cha m'ma 2010 boma linayamba pulogalamu yotukula sukulu za pulayimale ya PSIP m'maboma ochepa, kenako linaifalitsa m'dziko lonse. Ganizo lake linali losavuta kumva: sukulu iliyonse ikhale pansi ndi makolo, ione chimene chikuivuta, ilembe pulani, boma litumize ndalama ku akaunti ya sukuluyo.

Pulani ya sukulu imodzi siyenda yokha, imakwera makwerero. Sukulu zoyandikana zimapanga zoni, ndipo zoni iliyonse ili ndi mlangizi wake, a PEA, amene ofesi yawo imakhala pa TDC, pamalo pamene aphunzitsi amakumanirana kukasula luso lawo. A PEA amasonkhanitsa mapulani a sukulu zawo, kuwaunika, n'kukawatula ku ofesi ya mkulu wa maphunziro wa boma, amene ambirife tidakamutchulabe kuti a DEM ngakhale dzina la udindowo linasinthidwa. Kumeneko mapulani onse amayenera kudyetsa pulani ya maphunziro ya boma lonse, imenenso imalowa mu pulani ya chitukuko ya khonsolo. Blantyre ili ndi maofesi awiri a maphunziro, wa mumzinda ndi wa kumidzi, ndipo mavuto awo sali ofanana ngakhale pang'ono. Pamwamba pa zonsezi pali pulani ya maphunziro ya dziko lonse ya NESIP ya 2020 mpaka 2030, imene inalowa m'malo mwa NESP ya 2008 mpaka 2017.

Mapulani onsewa, kuyambira wa dziko mpaka wa pakhoma uja, amaima pa mafuwa atatu. Loyamba n'loti mwana aliyense apeze malo pasukulu popanda tsankho. Lachiwiri n'loti zimene akuphunzirazo zikhale zapamwamba ndi zaphindu. Lachitatu n'loti sukulu iziyendetsedwa bwino. Ndalama imene boma limatumiza, yotchedwa SIG, imagawidwa motsatira mafuwa omwewa: pa K100 iliyonse, K50 ipite ku ubwino wa maphunziro, K40 ku mwayi wa mwana aliyense, K10 ku kayendetsedwe ka sukulu. Papepala kagawidweka n'kanzeru. Vuto limayambira pa tsiku lolemba pulani.

Tsiku limenelo timakumana m'kalasi ya Sitandade 8, chifukwa ndi mmene muli madesiki. Amfumu kapena nthumwi yawo amakhala kutsogolo, kenako a komiti ya sukulu, a PTA, amayi a mother group atavala zitenje zofanana, aphunzitsi, ndi ana awiri kapena atatu osankhidwa kuti aimire anzawo, amene kawirikawiri amangokhala duu chifukwa cha ulemu. A hedi amafunsa kuti, "Makolo anga, mavuto athu pano ndi ati?" Manja amakwera. Zimbudzi zadzadza. Denga la buloko ya kumunsi likudontha. Mpanda kulibe, anthu akudutsa pakati pa sukulu popita kumsika, ena mpaka kumadzagulitsa zitumbuwa pawindo. Mlonda sanalandire miyezi itatu. Madesiki athyoka. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe kholo limene lingaone chimbudzi chodzadza n'kukhala chete. Koma taonani kuti zonse ndi zinthu zooneka ndi maso munthu ataima panja. Pofika nthawi ya nkhomaliro chipepala chimakhala chitadzadza ndi mizere makumi awiri, ndipo pa gawo la ubwino wa maphunziro palembedwa kuti "kugula choko, makope a sikimu ndi mapepala a mayeso." Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kandalama kochepako kamamwazika pa zinthu makumi awiri, ndipo palibe amene wafunsa kuti mwa ana amene anamaliza Sitandade 2 chaka chatha, ndi angati akutha kuwerenga.

Sindikuti makolo ndi osazindikira. Funso limene amafunsidwa ndi limene limawatsogolera ku mndandanda wa zogula. Pulani yofuna kuti ana azikhoza imayenera kuyamba ndi funso lina: kodi ana athu akutayikira pati? Yankho lake lili kale pasukulupo, m'maregista amene aphunzitsi amaitana m'mawa uliwonse, ndi m'mafomu a kalembera wa sukulu amene a hedi amadzaza chaka ndi chaka n'kutumiza ku unduna. Ziwerengerozi zimakwera kupita ku Lilongwe, koma sizibwerera kudzakambidwa pansi pa mtengo ndi eni ana.

Tiyerekeze sukulu ina yake, ziwerengero zake ndangopeka kuti nkhani imveke. Mu Sitandade 1 muli ana 400, mu Sitandade 4 muli 250, mu Sitandade 8 muli 110. Chaka chatha ana 100 mwa 110 aja anakhoza mayeso a PSLCE a MANEB, ndipo a hedi anayamikiridwa pa msonkhano wa zoni. Ndani angatsutse sukulu yokhozetsa ana 9 mwa 10 alionse? Koma funsani kuti ena 290 aja ali kuti. Ena akubwereza makalasi a m'munsi kachiwiri kapena kachitatu, mpaka msinkhu kuwapitirira n'kuyamba kuchita manyazi kukhala pansi ndi tiana. Ena ali ku Limbe kugulitsa majumbo, ena akuswa miyala m'mbali mwa phiri, atsikana ena anatenga pakati. Ndipo pali chinsinsi chimene aliyense wa m'maphunziro amachidziwa: sukulu ikafuna kuti chiwerengero cha okhoza chioneke bwino, njira yachidule ndi kugwira ana ofooka mu Sitandade 7 kuti asalembe nawo. Pulani ya boma ikangoika maso pa zotsatira za Sitandade 8, ndiye kuti ikulimbikitsa mchitidwe umenewu mosadziwa.

Kuika maso pa Sitandade 8 kumaonekanso pa kagawidwe ka aphunzitsi mkati mwa sukulu. Kalasi ya mayeso imapatsidwa aphunzitsi angapo, aliyense phunziro lake, kuphatikizapo maphunziro a m'mamawa ndi a pa holide. Kalasi yabwino, ya madesiki ndi chitseko chotsekeka, ndi yawo. Mu Sitandade 1 mumapezeka madamu mmodzi ndi ana oposa zana atakhala pansi mothithikana, kapena panja pamthunzi wa mtengo, pamene mvula ikangoyamba sukulu yathera pompo. Cholinga cha boma n'choti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Mukatenga ana onse a pasukulu n'kugawa ndi aphunzitsi onse, sukulu zina za mumzinda zimaoneka ngati zili pafupi ndi chiwerengero chimenecho, koma mukalowa kalasi ndi kalasi mupeza kuti kumunsi kwapanikizika pamene kumtunda kuli mpata. Apa ndi pamene pulani ingasinthe zinthu osawononga ngakhale tambala: kungosamutsa mphunzitsi waluso kuchoka kumtunda kupita ku Sitandade 1 kapena 2. Kunena n'kosavuta. Aphunzitsi ambiri amaona ngati kutsitsidwa ku infanti ndi kunyozedwa, ndipo hedi amene wachita zimenezi amafunika a PEA ndi a DEM amuikire kumbuyo.

Chifukwa chake ndikulimbikira za makalasi a m'munsi n'chakuti mwana akalephera kuwerenga kumeneko, zonse za kutsogolo zimamutsekekera. M'makalasi oyambirira mphunzitsi amafotokoza zambiri m'Chichewa. Pofika Sitandade 5 maphunziro amatembenukira ku Chingerezi. Mwana amene sanagwire kuphatikiza maliwu m'chinenero chimene amayankhula kunyumba, adzatani ndi buku la sayansi la m'Chingerezi? Amangokopera zapabolodi ngati akujambula maluwa, osadziwa chimene walemba. Boma linaona vutoli, n'chifukwa chake mu 2016 linayambitsa pulogalamu ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga, ya NRP, ndi mabuku atsopano komanso maphunziro a aphunzitsi a makalasi a m'munsi. Koma pulogalamu ya dziko imathera pakhomo la kalasi. Zoti buku latuluka m'katoni mu ofesi ya a hedi n'kufika m'manja mwa mwana, zoti madamu abwera Lolemba, zoti mwana amene watsalira wapatsidwa theka la ola lapadera akaweruka anzake, zimenezo ndi za pulani ya sukulu ndi ya zoni.

Kuyeza ngati ana akuwerenga sikufuna katswiri wochokera kunja. Chaka china tinachita tokha. Tinatenga ana makumi awiri a Sitandade 3, osati osankhidwa ndi mphunzitsi wawo, koma mwana wachisanu aliyense mu regista. Aliyense tinamupatsa kandime kafupi ka m'buku la Sitandade 2 kuti awerenge mokweza kwa mphindi imodzi, wina atagwira foni kuyang'ana nthawi. Ndimakumbukira kamnyamata kena kamene kanayamba mwamphamvu, mawu ali pamwamba, chala chikuyenda pamzere. Titakatembenuzira tsamba lina kanangoti kakasi. Tsamba loyamba lija kanaliloweza pamtima chifukwa choimba ndi anzake m'kalasi, koma zilembo sikankazidziwa. Tcheyamani wa komiti, bambo wachikulire amene ankalimbikira za mpanda, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "A hedi, ndiye kuti ana athuwa akungobwera kudzadya phala?"

Phalalo lisanyozeke. Bungwe la Mary's Meals linayamba ntchito yake kuno ku Malawi mu 2002, ndipo aliyense amene anaonapo mzere wa ana ndi makapu awo m'mawa pa sukulu za mu Blantyre amadziwa kuti likuni phala limakoka ana kuposa belu. Mwana wanjala samva. Koma phala ntchito yake ndi kumubweretsa mwana pakhomo la kalasi, ndipo zimene zichitike akalowa ndi nkhani ina.

Pulani imene tinalemba pambuyo pa tsiku limenelo inali yaifupi moti ena anaiona ngati yaulesi. Zolinga zinali zitatu zokha, chilichonse chili ndi nambala ya pamene tili, nambala ya pamene tikufuna kufika, dzina la udindo wa munthu amene adzafunsidwe, ndi mwezi wodzaonanso. Kusiyana kwake kuli apa. Mzere wonena kuti "kupititsa patsogolo kuwerenga" sungalephereke, chifukwa palibe angadziwe ngati zachitika. Koma mzere wonena kuti pofika kumapeto kwa teremu yachiwiri ana 12 mwa 20 otengedwa mu regista azitha kuwerenga kandime, ndipo woyang'anira ndi wachiwiri kwa a hedi, umenewo umaluma. Ndalama za gawo la ubwino wa maphunziro tinazilozetsa ku zinthu zochepa: kukonza mabuku ong'ambika, kulipirako kangachepe mphunzitsi wothandizira mu Sitandade 1, ndi makalasi obwereza a masana. Amayi a mother group anatenga mayina a ana amene ajomba masiku atatu otsatizana n'kumakagogoda kwawo. Zimbudzi sitinazisiye, poti mtsikana wamkulu sangabwere kusukulu yopanda pobisala akakhala kumwezi, koma mpanda unadikira.

Tsono pali zinthu zimene sukulu payokha singazithe, ndipo apa ndi pamene ofesi ya a DEM iyenera kuonetsa ntchito yake, osangokhala positi ofesi yolandira mapulani n'kuwaunjika. Choyamba ndi kagawidwe ka aphunzitsi pakati pa sukulu. Aphunzitsi ambiri amafuna kukhala mumzinda kapena m'mbali mwa msewu wa tala, ku Lunzu, ku Chileka, ku Mpemba, kumene kuli magetsi, madzi ndi minibasi. Ena amabwera potsatira banja, ndipo pempho lotero n'lovuta kulikana. Zotsatira zake sukulu ya kutali ndi msewu imatsala ndi aphunzitsi ochepa, nyumba zawonso zosakwanira. Komiti ya sukulu ingalembe "tikufuna aphunzitsi" chaka chilichonse mpaka maka kuuma, koma amene ali ndi mphamvu yosamutsa munthu ndi ofesi ya boma, ndipo imafunika kulimba mtima pamene mafoni a akuluakulu ayamba kulira kupempherera m'bale wawo. Mumzinda vuto limatembenuka: aphunzitsi alipo koma malo omangapo makalasi atha, moti sukulu zina zimachita kuphunzitsa mosinthana, ena m'mawa ena masana, ndipo maola a mwana m'kalasi amafupika. Pulani imodzi ya Blantyre yense singathandize mbali zonse ziwirizi.

Chachiwiri ndi zomangamanga. SIG singamange buloko ya makalasi. Ndalama zotero zimachokera ku khonsolo, ku thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, ku mabungwe, kapena ku mapulojekiti a boma ndi abwenzi ake. Pulani ya boma ikakhala yolimba, imaonetsa poyera kuti sukulu yopanikizika kwambiri ndi iti, ndipo buloko imapita kumeneko. Ikakhala yofooka, buloko imapita kumene kuli mavoti.

Chachitatu, chimene chimapweteka kwambiri, ndi nthawi imene ndalama zimafika. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, pamene chaka cha ndalama za boma kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo. Pulani imalembedwa ndi mitengo ya tsiku limenelo, ndalama n'kufika miyezi ingapo pambuyo pake, nthawi zina teremu imene zinkafunika itadutsa kale. Mu Meyi 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Bajeti ya malata ndi simenti yolembedwa mwezi wa Okutobala chaka chimenecho inali nthano pofika Khirisimasi. Ndalama zikachedwa, a hedi ankatembenukira kwa makolo kupempha ya chitukuko, ndipo ngakhale lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yaulere komanso yokakamiza, mwana amene kwawo alibe ndalamayo ankayamba kuzemba. Pulani yofuna kusunga ana pasukulu inkathera pa kuwathamangitsa.

Ndiye pali zadzidzidzi, zimene Blantyre waziona mokwanira. Mu Malichi 2020 sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19 ndipo zinakhala chitsekere miyezi yoposa isanu. Mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira chifukwa cha kolera. Pasanathe miyezi itatu namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Sukulu zitatsegulidwanso, kalendala inapitirira ngati palibe chachitika, silabasi n'kumathamangitsidwa kuti ithe. Mwana amene anali atangoyamba kugwira maliwu anabwerera ataiwala, ndipo anakwezedwa kalasi kapena kubwerezetsedwa popanda womuthandiza pamene anatsalira. Boma lokhala m'mapiri ngati lathuli liyenera kulemberatu mu pulani yake kuti masabata otayika adzabwezedwa motani, ndipo anthu akadzasowa pokhala adzasungidwa kuti kupatula m'kalasi.

Chotsala ndi kulondoloza, ndipo apa ndi pamene mapulani ambiri amafera. A PEA amayenera kuyendera sukulu, kukhala kumbuyo kwa kalasi kuonerera phunziro, n'kukambirana ndi mphunzitsi pambuyo pake. Koma munthu mmodzi ali ndi sukulu khumi kapena kuposerapo, njinga yamoto imafuna mafuta, ndipo masiku ena amathera ku misonkhano ya mabungwe kumene kuli alawansi. Akafika pasukulu nthawi imakhala yochepa, ndiye amayang'ana zimene zimayang'anika msanga: malisiti a SIG, masikimu, buku losainira aphunzitsi. Malisiti ndi ofunika, ndalama za boma zisadyedwe. Koma lipoti limene limakwera kupita ku ofesi ya boma limanena kuti ndalama zagwiritsidwa ntchito moyenera, osanena ngati mwana waphunzira kanthu. Unduna unatulutsa miyezo ya maphunziro ya dziko mu 2015, ndipo yoyambirira mwa miyezoyo imakamba za zimene mwana akupindula. Bwenzi zili bwino ofesi ya boma ikanati pa msonkhano wa mahedi wa teremu iliyonse, sukulu iliyonse ibwere ndi manambala atatu okha: ana angati a Sitandade 2 akuwerenga, angati ajomba kopitirira sabata, ndi masiku angati amene kalasi inakhala yopanda mphunzitsi. Ndi kuwayerekeza ndi a sukulu yomweyo teremu yatha, osati kupikisanitsa sukulu ya ku Chichiri ndi ya ku Kunthembwe ngati kuti ana ake amadzuka m'nyumba zofanana.

Ngozi yake ndikuidziwa. Nambala iliyonse imene bwana akuifuna, anthu amaphunzira kuiphika. N'chifukwa chake woyeza asakhale mphunzitsi wa kalasiyo yekha. Pakhale kholo, pakhale mphunzitsi wa sukulu yoyandikana nayo, ndipo ana atengedwe mu regista aliyense akuona. Komanso nambala yoipa isakhale chikwapu. Hedi akadziwa kuti kunena zoona kumubweretsera kalata yomudzudzula, adzanena zabodza. Akadziwa kuti kumubweretsera mphunzitsi wina kapena ulendo wa a PEA, adzanena zoona.

Kwathu kuja, kumapeto kwa teremu yachiwiri tinaitananso ana makumi awiri kuchokera mu regista. Pa 12 tinkafuna paja sitinafikepo. Tinakangana pang'ono, ena akuti makalasi a masana ayambe msanga chaka chamawa, ena akuti vuto ndi madamu amene anadwala mwezi wathunthu popanda wolowa m'malo mwawo. Tcheyamani uja anapempha kuti chipepala chichotsedwe mu ofesi ya a hedi chikamatidwe panja pafupi ndi pophikira phala, pamene amayi amadutsa m'mawa uliwonse. Mvula yoyamba inachinyowetsa, ndipo tinachita kulembanso china.